Ctrl+C ndi Ctrl+V si matsenga: tileke kunamiza ana

Ndakhala duu kwa milungu ingapo chifukwa cha mulu wa mapepala ochonga, ndipo ndikanapitiriza kukhala chete pakanapanda uthenga womwe ndinalandira Lamulungu usiku kuchokera kwa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 3 ndi Fomu 4 kuno ku Nzama. Dzina ndasunga. Pano ali ku yunivesite, akuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Uthengawo unayamba mwaulemu ndithu, kufunsa za moyo, za amayi kunyumba, za mbatatesi ngati yachita bwino chaka chino. Kenako anagwetsa mwala: "Aphunzitsi, paja munkati Ctrl+C imakopera paliponse? Munatinamiza."

Nkhani yake inali motere. Anapatsidwa ntchito yolemba kapulogalamu, yoti aitumize pa intaneti isanakwane 12 koloko usiku. Analemba mu Vim, pulogalamu yolembera mawu imene akatswiri ambiri a makompyuta amaikonda, pa makina a Linux. Atamaliza anakopera mizere yake yonse mmene Vim imakoperera, n'kutsegula tsamba lotumizira ntchito, kudina Ctrl+V, kudina batani lotumiza, n'kukagona mtima uli m'malo. Zomwe anamatazo sanaziwerenge. Kutacha anapeza kuti chomwe chapita kwa mphunzitsi wake si pulogalamu ayi, koma uthenga womwe anaukopera madzulo ake, wopempha malume ake ndalama ya lendi. Mphunzitsiyo akuti anaseka mpaka misozi, koma malikisi ochedwetsa ntchito anamudulabe.

Inenso ndinaseka. Kenako kuseka kunandithera, chifukwa mnyamatayu sananame. Ndinamunamizadi. Ine ndi mphunzitsi wa Masamu ndi Fizikisi. Phunziro la Computer Studies linandigwera chifukwa choti ndinali ndi laputopu, monga mmene linagwera ambiri a inu. Ndinalemba pa bolodi ndi choko: Ctrl+C kukopera, Ctrl+X kudula, Ctrl+V kumata. Ana anakopera m'makope, analoweza, anakhoza mayeso. Sindinawauzepo ngakhale kamodzi komwe mawuwo amakhala pakati pa C ndi V. Ndinawapatsa mabatani ngati mawu a sing'anga, oti ukangowatchula zinthu zichitika. Ndipo ndikunena mosapsatira kuti ambiri a ife tikuchitabe zomwezi, osati m'kalasi mokha komanso pa ntchito yathu yeniyeni, ndipo amene akulipira mtengo wake ndi ana.

Tiyeni tiyambe ndi chinthu chomwe ndinayenera kuphunzitsa. Mukadina Ctrl+C, mawu aja sakhala mu kiyibodi, sakhalanso mu Word. Amapita m'kathumba kosaoneka kamene Windows, Android kapena Linux imasunga mkati mwa makina. Dzina lake ndi clipboard. Kathumbaka si ka pulogalamu imodzi, ndi ka makina onse, n'chifukwa chake mumatha kukopera mu Word n'kukamata mu WhatsApp. Mwachibadwa chake kamanyamula chinthu chimodzi basi. Mukakopera china, choyamba chija chatayidwa, popanda belu, popanda kukufunsani. Ndipo mukalephera kukopera, kathumbako sikakhala kopanda kanthu: kamasungabe chakale, n'kukupatsani mokhulupirika mukadina Ctrl+V. Uthenga wa kwa malume unatuluka choncho.

Nanga iye anakopera, bwanji sizinalowe? Chifukwa Vim ili ndi matumba akeake. Mukadina y kuti mukopere, mawu amalowa m'thumba la mkati mwa Vim, ndipo p amawatulutsa momwemo. Kathumba ka makina onse kaja sikamva kalikonse. Kuti mawu atuluke panja, muyenera kutchula thumba lolumikizana ndi kunja, lomwe chizindikiro chake ndi +. Ndiye kuti mulembe "+y pokopera ndi "+p pomata, kapena muuze Vim kamodzi kokha kuti :set clipboard=unnamedplus, matumba awiriwo akhale amodzi. Komanso si Vim iliyonse imene ili ndi khomo limeneli. Mukalemba vim --version n'kuona -clipboard m'malo mwa +clipboard, dziwani kuti yanuyo inamangidwa yopanda khomo, ndipo pa Ubuntu mufunika kuika vim-gtk3. Pulogalamu ya nano nayonso ili ndi thumba lake, Ctrl+K kudula, Ctrl+U kubwezera. Choseketsa kwambiri n'chakuti pa zenera lakuda lija lolembamo malamulo, Ctrl+C yathu ija sikopera n'komwe: imaimitsa pulogalamu yomwe ikuyenda. Kumeneko wokopera amawonjezera Shift. Ndiye taganizani mwana amene ndinamuuza kuti "paliponse", ali pakati pa ntchito, n'kudina mankhwala a aphunzitsi ake aja, pulogalamu n'kufa.

Musaganize kuti Vim ndi yowonongeka kapena yamakani. Ndi mdzukulu wa vi, yomwe Bill Joy anailemba mu 1976, nthawi imene dziko linali lisanagwirizane za C ndi V. Kudula, kukopera ndi kumata monga tikudziwira lero kunakhazikika ku Xerox PARC, ku Palo Alto m'dziko la America, pakati pa 1973 ndi 1976, pamene Larry Tesler ndi Tim Mott ankapanga pulogalamu yolembera yotchedwa Gypsy. Kampani ya Apple ndiyo inamangirira ntchitozi ku zilembo X, C ndi V pa makina ake a Lisa a 1983 ndi Macintosh a 1984, Windows n'kudzatengera pambuyo. Vim yeniyeniyo anaitulutsa mu 1991 ndi Bram Moolenaar wa ku Netherlands, amene kwa zaka zambiri ankapempha ogwiritsa ntchito pulogalamu yake kuti athandize ana a ku Kibaale ku Uganda. Tesler anamwalira mu 2020, Moolenaar mu 2023. Mfundo yanga ndi yakuti Ctrl+C ndi pangano la anthu, lopangidwa chaka chodziwika, ndipo pali makomo ena amene panganoli silinafikeko. Ife timaliphunzitsa ngati lamulo la chilengedwe, ngati kuti ndi la Newton.

Mwina wina akuti, "Achimwene, ana athu a ku Ntcheu angati adzagwire Vim? Mmodzi pa chikwi." Chabwino, ndavomera. Tisiye Vim. Tikambe za ife eni, ndi Word, ndi WhatsApp, ndi mayeso.

Ife a zaka za m'ma 40 tinakuona kudula ndi kumata ndi maso athu. Mphunzitsi ankakhala ndi sizasi, guluu ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, n'kudula funso apa, chithunzi apo, kumata pa pepala loyera, kupita nalo kokachita fotokope ku boma. Tisanafike pamenepo kunali sitensulo ndi taipilaita, inki mpaka m'zigongono. Njira imeneyo inali yotopetsa, sindikuisirira. Koma kapepala kodulidwako unkakagwira m'manja, unkakaona, ndipo chomwe wadula ndi chomwe unkamata. Kathumba ka kompyuta sikatero. Mukakopera ndime mu Word, Word imaika m'kathumbamo ndime yomweyo m'maonekedwe angapo nthawi imodzi: ina yovala zonse, zilembo zakuda bii, zopendeka, matebulo ndi timanambala tam'mwamba, ina yamaliseche, mawu okhaokha. Pulogalamu yolandira ndiyo imasankha yomwe ingathe kumeza. Word inzake imatenga yovala. Notepad ya pa makompyuta athu akalewa, bokosi la uthenga pa foni ndi WhatsApp zimatenga yamaliseche.

Tsopano mverani zomwe zinachitika pa mayeso a mock a Fomu 4 chaka china, m'kalasta ina imene sindiitchula. Tinagawana ntchito yokonza pepala la Masamu. Mnzanga wina wa sukulu yakutali analemba gawo lake bwinobwino mu Word. Itakwana nthawi yotumiza, fayilo inakana kupita, netiweki inali ya apo ndi apo, bandulo inali kutha. Anachita zomwe aliyense wa ife akanachita: anakopera mafunso onse n'kuwamata mu WhatsApp ngati uthenga wamba. Amene analandira uthengawo, kuukopera, kuumata mu Word, kuukongoletsa, n'kupita nawo kokasindikiza, ndine. Sindibisala kumbuyo kwa munthu.

Funso lina linkafuna kuti mwana alembe 3.2 × 10⁴ ngati nambala wamba. Yankho ndi 32,000. Pa pepala lomwe ana analandira panalembedwa 3.2 × 104. Lina linali 2³ × 2², yankho 32. Linatuluka 23 × 22. Chifukwa chake n'chosavuta. Ka 4 kam'mwamba kamene timapanga mu Word si chilembo chapadera ayi. Ndi 4 wamba amene wangouzidwa kuti achepe ndi kukwera m'mwamba. Kuchepa ndi kukwerako ndi chovala. Akadutsa pa khomo lolola mawu amaliseche okha, amavula, n'kutsika, n'kuima pafupi ndi 10 ngati mnzake. Chizindikiro chochulukitsa chinapulumuka chifukwa icho ndi chilembo chenicheni. Palibe chomwe chinaoneka chophwanyika. Funso linaoneka laukhondo, lomveka, loyankhika. Ndi pamene pali ululu wake.

Pa sukulu imene woyang'anira mayeso anali wa Masamu, anaona msanga, n'kulemba chokonza pa bolodi. Pa sukulu zina oyang'anira anali a Chichewa, a Geography, a Bible Knowledge, ndipo sindingawaimbe mlandu. Ana anayankha zomwe anafunsidwa. Ndimakumbukira pepala la mtsikana wina, lolembedwa mwaukhondo, njira yonse yooneka: 332.8 pa funso loyamba, 506 pa lachiwiri. Tengani cholembera muwerengere nokha. Anakhoza. Koma pa tebulo lochongera tinali ndi pepala la mayankho lonena 32,000 ndi 32, ndipo cholembera chofiira chinayenda.

Nditadzutsa nkhaniyi, mnzathu wina wamkulu anandiyankha mawu amene mpaka lero amandiwawa. Anati, "Imeneyo ndi typing error chabe. Mwana wanzeru akanadziwa kuti funso la standard form silingakhale 104." Akuluakulu, taimani kaye. Chaka chonse timawauza ana kuti werengani funso mmene lilili, musawonjezere zanu, musaganizire wofunsa. Lero talakwitsa ndife, ndiye mwana akhale mlosi? Ndipo sinali typing error. Palibe chala chomwe chinaphonya batani. Mnzanga analemba zolondola, ine sindinasinthe nambala iliyonse. Cholakwa chinali umbuli wa anthu awiri a madipuloma, amene sankadziwa zomwe zimachitikira mawu akamadutsa m'kathumba, kuphatikiza ulesi wa mmodzi amene anamata osawerenga. Kutchula zimenezi kuti typing error, kapena kunena kuti "kompyuta yasokoneza", ndi kusamba m'manja. Kompyuta inachita ndendende zomwe tinaiuza.

Malikisi tinabweza, titakangana mpaka dzuwa kupendeka. Koma si mapepala onse amene anabwerera pa tebulo, ndipo amene anaphunzitsapo Fomu 4 akudziwa zomwe zotsatira za mock zimachita mumtima mwa mwana miyezi yochepa MSCE isanafike. Ena zimawadzutsa. Ena, makamaka amene akukayika kale ngati Masamu ndi awo, zimawagonetsa.

Pali malangizo ena amene amayenda m'masitafu, akuti chilichonse chomwe wakopera uyambe wachidutsitsa mu Notepad kuti chiyere. Ndimachita nawo, ndipo pa nkhani wamba amathandiza: ndime yochokera pa intaneti imabwera ndi mitundu, mizere ndi zilembo zachilendo zomwe zimawononga pepala lonse, ndipo Notepad imazivula zonsezo. Ctrl+Shift+V imachitanso chimodzimodzi m'mapulogalamu ambiri. Koma taonani kuti awa ndi matsenga ena ongolowa m'malo mwa oyamba. Njira yomweyo imene imayeretsa ndime ya History ndi imene imapha funso la Masamu, Fizikisi ndi Chemistry. Wa Chemistry amapulumukako pang'ono, poti H2O imawerengekabe ngakhale 2 atakwera pamzere, koma muyeseni ndi ma ion muone. Mankhwala amodzi a matenda onse kulibe. Chofunika ndi kudziwa chomwe wanyamula, ndi khomo lomwe ukulowa nalo.

Ngati mukufunadi kutumiza masamu ngati uthenga, zilembo zenizeni zam'mwamba zilipo, zomwe sizivula. Pa Windows, gwirani Alt n'kulemba 0178 pa manambala a kudzanja lamanja, mupeza ². 0179 ikupatsani ³. Pa foni, kanikizani 2 kapena 3 kwa kanthawi pa kiyibodi ya Gboard. Kapena lembani 10^4, aliyense wa Masamu amva. Koma kunena zoona, pepala la mayeso lisamayende ngati uthenga. Tumizani fayilo, ndipo pambali pake tumizani PDF kapena chithunzi choti wolandira afananize. Bandulo ya fayilo imodzi siposa mtengo wa mandasi angapo. Ndipo wolemba funso aone pepala lomaliza lisanapite kokasindikiza. Zimenezi sizifuna thandizo la mabungwe akunja.

Za PDF ndingonenako pang'ono, poti ambiri timakopera mafunso m'mapepala akale amene amazungulira m'magulu a WhatsApp. PDF inapangidwa kuti izioneka bwino, osati kuti izikopereka bwino. Mzere uliwonse umabwera woduka pawokha, mizati iwiri imalowana, tizigawo timaphwasuka, ndipo nthawi zina chizindikiro chochotsera chimasanduka kabokosi kapena kusowa kumene. Ina ndi chithunzi chabe, mulibe chilembo ngakhale chimodzi choti n'kukopera. Ndinaonaponso mnzanga amene ankabisa mayankho pansi pa funso lililonse powapaka mtundu woyera kuti asaoneke pa pepala. Nzeru ndithu, mpaka tsiku lomwe wina anakopera pepalalo n'kulimata ngati mawu okhaokha. Mtundu woyera nawonso ndi chovala. Mayankho onse anatuluka poyera, akuda bii, aliyense pansi pa funso lake. Mwamwayi tinaona tisanagawe.

A Chichewa musaseke a Masamu, nanunso muli m'bwato lomweli. Kaya mumalemba ŵ wa kadenga kapena munamusiya, mkangano umenewo ndi wanu, ine sindilowamo. Koma amene mumamufuna, komanso anzathu olemba Chitumbuka amene sangachite popanda iye, dziwani kuti chilembochi sichipezeka m'kaundula wakale wa zilembo amene Notepad inkasungira mafayilo. Mpaka Windows 10 ya mu 2019, Notepad inkasunga mwa njira yotchedwa ANSI pokhapokha mutaiuza zina, ndipo ŵ ankabwerako ali w wamba kapena chizindikiro cha funso. M'kathumba amadutsa bwinobwino, amafera posunga. Makompyuta ambiri a m'sukulu zathu ndi akale kuposa pamenepo, choncho posunga sankhani UTF-8. Mu Word, siyani mpata, lembani 0175, dinani Alt+X, ŵ atuluka, kenako fufutani mpatawo. Mpatawo ndi wofunika: mukalemba manambalawo mogundana ndi a wa mu "Mala", Word imamuwerengera a uja pamodzi ndi manambala n'kukupatsani zina.

Tsopano ndiyankhe amene ndikudziwa kuti akung'ung'udza.

Oyamba ndi akuti tilibe makompyuta, tilibe magetsi odalirika, ndiye zonsezi ndi nkhani za m'tauni. Zoona, sukulu zambiri za kumudzi kuno zili ndi kompyuta imodzi ya mu ofesi, kapena laputopu ya mphunzitsi yotchajidwa pa sola. Koma kusowa kwa makina ndi chifukwa chophunzitsira ganizo, osati batani. Batani lopanda makina ndi nyimbo chabe. Ganizo mwana amapita nalo kulikonse, pa foni ya amayi ake, pa kompyuta ya ku ntchito, pa Vim ya ku yunivesite. Ndipo musaiwale kuti kathumbaka kali m'thumba la aliyense amene ali ndi foni ya intaneti. Amene anatumizapo ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala yolakwika chifukwa anamata nambala yomwe anaikopera dzulo, akudziwa kuti iyi si nkhani ya m'tauni.

Achiwiri ndi akuti sizibwera pa mayeso. Mwina funso loti clipboard n'chiyani limabwera, la malikisi awiri, ndipo ana amaliyankha ndi chiganizo choloweza chomwe sachimva. Ngati muyezo wathu ndi umenewo, ndiye kuti mnyamata wanga uja ndinamuphunzitsa bwino kwambiri, poti anakhoza. Funsani malume ake.

Achitatu ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa amamveka ngati anthu a mwambo. Iwo amati vuto ndi kukopera kwenikweniko, ana a masiku ano ndi aulesi, tiletse mafoni, tibwerere ku cholembera. Abale, ndani anaphunzitsa ana kukopera osaganiza? Si foni. Ndife, amene timapatsa mwana wolemba bwino kope lathu la manotsi la zaka khumi kuti alembe pa bolodi, anzake azikopera, ife tili ku sitafu. Mwana ameneyo ndi clipboard ya miyendo iwiri. Cholakwika chomwe chinalowa m'kopemo kalekale chimadutsa mwa iye kupita m'makope makumi asanu ndi limodzi, chaka ndi chaka, popanda woima n'kufunsa. Ndipo manotsi a PDF amene tikugawana masiku ano m'magulu, ena mpaka dzina la sukulu ya eni ake likadali pamwamba, amasiyana pati ndi zomwe timakalipira ana? Kukopera si tchimo. Ndi chida, ndipo chandipulumutsa maola osawerengeka. Tchimo ndi kumata osawerenga, ndipo limenelo tinaliyamba ndi choko.

Achinayi amati ana amadziwa kale zamakonozi kuposa ife, tisadzivute. Amadziwa kuthamangitsa zala, inde. Ndinafunsa kalasi yanga ya Fomu 3 kuti mawu amakhala kuti ukawakopera. Wina anati mu SIM khadi. Wina anati pa intaneti. Wina anati m'chala, ndipo sankaseka.

Pali chinthu chinanso chimene ahedi ndi a komiti ya mayeso ayenera kuchimva, ngakhale zina zonsezi azitaye. Ndanena kuti kathumba kamanyamula chinthu chimodzi. Zinali choncho, koma masiku ano pali matumba okumbukira. Microsoft Office ili ndi kathumba kakekake kosunga zinthu mpaka 24. Kuyambira mu 2018, Windows 10 ili ndi mbiri ya zokopera: wina akaitsegula, kudina batani la Windows pamodzi ndi V kumaonetsa zinthu 25 zomaliza kukoperedwa, ndipo zimakhalapo mpaka makina atazimitsidwa, kupatula zomwe zakhomedwa dala kuti zisachoke, zomwe zimatsala ngakhale mutazimitsa. Gboard pa foni nayo, mukaitsegulira, imasunga zokopera kwa ola limodzi. Ndiye taganizani kompyuta imodzi ija ya mu ofesi. Mphunzitsi wakonza mayeso, wakopera funso ndi funso, watseka fayilo ndi pasiwedi, wachotsa fulashi, waika m'thumba la jekete, wapita kukamwa tiyi ali wokhutira. Kenako atuma mwana kuti akasindikize ndandanda ya osesa. Mabatani awiri okha, mafunso ali pa sikirini, mwinanso ndi pasiwedi yomwe, ngati anachita kuikopera. Tonse tikukumbuka 2020, pamene mayeso a MSCE anathetsedwa mu Novembala chifukwa mapepala anabedwa n'kufalikira pa mafoni, ana n'kudzalembanso mu Januwale 2021. Sindikunena kuti clipboard ndiyo inachititsa zimenezo. Ndikunena kuti dziko lomwe linalawa ululu wotere siliyenera kukhala ndi aphunzitsi okhoma chitseko n'kusiya zenera pululu. Mukamaliza ntchito ya mayeso pa makina ogawana, dinani Windows ndi V, fufutani zonse, kapena zimitsani makinawo. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Sabata yathayi ndinayesa kulipira ngongole yanga. Kompyuta sindinayatse. Ndinaimika mtsikana mmodzi pakhomo pakati pa Fomu 3 ndi kalasi yopanda anthu yoyandikana nayo, n'kumuuza kuti iye ndiye kathumba: aloledwa kugwira kapepala kamodzi kokha, akapatsidwa kena ataye koyamba, ndipo aliyense womupempha amukoperere zomwe wagwira osafunsa. Mbali ino tinaitcha Word, mbali inayo WhatsApp, ndipo pakhomo la WhatsApp ndinaikapo mnyamata wa ntchito imodzi: kulembanso chilichonse cholowa pa mzere umodzi, zilembo zofanana msinkhu. Ndinatumiza 2³. Inafika 23. Kalasi inaphulika. Kenako ndinaitana wina wovala jekete la matumba ambiri, n'kumutcha Vim, kumuuza kuti chilichonse chomwe wakopera aziika m'thumba lake, asapatse wapakhomo pokhapokha nditanena kuti "pulasi". Ndinamuuza akopere dzina lake, n'kutuma wina kukapempha kwa wapakhomo. Anabwera ndi 2³ yakale ija. Mtsikana wina wa kumbuyo, amene chaka chonse sanayankhulepo m'kalasi langa, anakweza dzanja n'kunena kuti, "Ndiye kuti wapakhomoyo sanama, aphunzitsi, kungoti sanauzidwe." Zinatenga mphindi 20, choko chimodzi ndi mapepala a kope lakutha.

Mnyamata wa ku yunivesite uja ndamuyankha. Ndapepesa, ndipo ndamupempha kuti akabwera ku holide adzaime kutsogolo kwa Fomu 4 ndi laputopu yake, adzawaonetse matumba a Vim, ndi kuwafotokozera yekha nkhani ya malume. Wavomera, koma wati uthengawo sadzauwerenga pagulu. Kwa anzanga a m'kalasta amene tikukonza nawo pepala la teremu ino: gawo lanu likabwera ngati uthenga wa WhatsApp, ndilibweza. Lachisanu ndikhala ku sitafu mpaka 4 koloko, bwerani ndi fulashi, tidzawerengere limodzi funso lililonse lisanapite ku makina.